Goli, mtondo ndi mfuti: akapolo a pampata wa Michesi

(Ng'oma ilire pang'ono, kenaka itsike)

WOULUTSA: Nthawi ija yakwana yoti tikambirane mbiri ya kwathu kuno. Amene muli kukhitchini sonkhezerani moto, amene mwangoweruka kudimba pezani pokhala, chifukwa ya lero si nkhani yomvera chiimirire.

Ndiyambire kuphiri. Mwana aliyense wokulira m'tsinde mwa Michesi anamvapo kuti phiri limeneli ndi la mizimu, kuti ukalowamo ukhoza kupeza chakudya chophikaphika kapena nthochi zakupsa, ndipo ukazipeza umangodya, osaitana mnzako, osatapako zopita nazo kumudzi. Akuluakulu sanaiwale napolo wa mu Malichi 1991, amene anatsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Zimenezi timakamba momasuka, ngakhale pa maliro. Koma phiri lomweli lili ndi nkhani ina imene timaikamba chonong'ona. Pakati pa Michesi ndi phiri la Mulanje pali mpata, pamene pamadutsa msewu wochokera ku Phalombe kupita ku Nkhulambe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mpata umenewu unali khomo la malonda a anthu. Ogwidwa kumtunda kuno ankawadutsitsa pamenepo kulowera ku Mozambique, ulendo wa kunyanja yamchere, ku Quelimane ndi madoko ena. N'chifukwa chake mu 1893 boma la Harry Johnston linamangapo linga lotchedwa Fort Lister, n'kuikapo asilikali, ena mwa iwo ochokera ku India.

Tonse amene tinakhalapo pa benchi ya sukulu tikuchikumbukira chithunzi chija cha m'buku la mbiri: mzere wa anthu, magoli m'khosi, mwamuna wa mfuti pambali. Chithunzicho si chabodza. Koma chimatisocheretsa pa mfundo imodzi. Chimatiganizitsa kuti akapolo onse ankakhala moyo umodzi, ndiponso kuti onse anapita. Ayi ndithu. Ambiri pampata paja sanadutsepo. Anatsala konkuno, anasinja, analima, anabereka, ndipo ena mwa ife amene tatchera khutu madzulo ano ndife zidzukulu zawo.

Chilankhulo chathu chomwechi chimasunga umboni. Makolo sankati kapolo kwa aliyense. Panali kapolo, panali mdzakazi, panalinso chikole. Lero chikole ndi njinga kapena foni imene wasiya kwa wakatapila, koma kale chikole ankatha kukhala mwana wa mlongo wako. Ndipo mawu aja timawanyadira pa 6 Julaye, akuti ufulu, tsinde lake ndi mfulu, kutanthauza munthu wobadwa wosagulidwa, amene ali ndi kwawo ndi abale omuyankhulira. Mawu akuti zachifwamba, amene masiku ano timawamva pa nkhani za m'maiko akunja, anachokera pa kufwamba, kumbwandira munthu panjira, kumunda kapena kudambo n'kukamugulitsa.

Khomo limene munthu analowera mu ukapolo ndilo linkayamba kulamula mmene adzakhalire. Wachikole anali ndi mwayi pang'ono. Mbale wake wapalamula, mwina wapha munthu kapena wagwidwa ndi mkazi wa mwini, ndiye banja lapereka mwana kuti akhale kwa olakwiridwa mpaka dipo litapezeka. Abale ake ankadziwa kumene ali, ankatha kumuzonda, ndipo womusunga ankadziwa kuti maso ali pa iye. Koma mlandu suwola. Dipo likachedwa, zaka n'kupitapo, amalonda n'kufika ndi nsalu ndi wonga, chikole uja ankasanduka katundu. Ena ankadzipereka okha chifukwa cha njala, monga pa chilala choopsa cha 1862 ndi 1863 chimene chinapululutsa anthu m'chigwa cha Shire ndi kumapiri kuno. Amene analibiretu pogwira ndi wogwidwa pankhondo ndi wofwambidwa, makamaka akakhala mwamuna wamkulu. Ameneyo kumusunga pafupi kunali kovuta, poti njira ya kwawo ankaidziwa ndipo akanatha kuthawa kapena kubwezera. Goli linkayembekezera iyeyo.

(Ng'oma pang'ono)

Za goli tili ndi umboni wa anthu amene anaona ndi maso. Pa 16 Julaye 1861, David Livingstone ndi anzake anali kupuma pamudzi wa Mbame, kumapiri a pakati pa Chikwawa ndi Blantyre, pamene ulendo wa akapolo unatulukira kuseri kwa phiri. Oyendetsa ulendowo anali atanyamula mfuti, atavala mokongola, ena akuliza malipenga a malata. Ataona azungu, pafupifupi onse anathawira kutchire. Anthu amene anatsala pamenepo anali 84, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Amayi ndi ana anali omangidwa ndi zingwe, ndipo kuwamasula kunali kwa mpeni chabe. Abambo ndiwo anavuta. Aliyense khosi lake linali mu mphanda ya mtengo wolemera, kukhosi kutatsekedwa ndi kachitsulo kokhomerera mbali zonse ziwiri. Anachita kutulutsa sowo m'katundu wa Bishopu Charles Mackenzie n'kumacheka mmodzimmodzi.

Omasulidwawo anafotokoza zimene zinachitika m'njira. Amayi awiri anawomberedwa dzulo lake chifukwa choyesa kumasula zingwe. Mayi wina anamuphera khanda lake poti sakanatha kusenza katundu ndi mwana yemwe. Bambo wina atalefuka anamutema ndi nkhwangwa. Tsiku limenelo anthuwo anauzidwa kuti aphike ufa umene anasenza, adye okha ndi ana awo, ndipo nkhuni zake zinali magoli omwe aja.

Livingstone analemba kuti mwa anthu onse amene malondawa ankawakhudza, amene ankafika amoyo kwa ogula sankakwana mmodzi mwa asanu, ndipo za chigwa cha Shire anati mwina ngakhale mmodzi mwa khumi sankakwana. Kumeneko kunali kuyerekeza kwake, koma kazembe wa Britain ku Zanzibar pa nthawiyo, Rigby, anamuuza kuti anthu 19,000 ochokera kudera la nyanja yathu ankalembedwa pa kasitomu ya Zanzibar chaka chilichonse. Pamenepo sitinawerengere a ku Quelimane.

Pa ulendo wa pa Mbame pali zinthu ziwiri zimene mabuku a sukulu amazidumpha. Choyamba, anthu amenewa sankapita kunyanja yamchere. Ankapita nawo ku Tete, kuti akawasinthanitse ndi minyanga ya njovu kwa mitundu ina ya kumtunda kwa Zambezi, imene inkafuna akazi ndi ana. Chachiwiri ndichisunge kaye, ndichitchula posachedwa. Tiyambe ndi funso ili: n'chifukwa chiyani aliyense ankalimbirana akazi ndi ana?

Yankho lili pakhomo pathu pomwe, m'chikamwini. Kwa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, mwamuna akakwatira amapita kwa mkazi, ndipo ana ndi a kuchikazi. Mwini wawo weniweni ndi malume. Bambo akhoza kubereka ana khumi, koma mbumba imene akuikulitsayo ndi ya mlamu wake. Tsono taganizirani munthu wofuna kutchuka, wofuna mudzi wakewake wodzaza ndi anthu omumvera. Akagula mdzakazi n'kumukwatira, ana obadwawo alibe malume wodzawatenga, alibe kwawo kwina kothawirako. Ndi ake basi. Umu ndi mmene mafumu ambiri a nthawi imeneyo anakulitsira midzi yawo. Amuna ankawagulitsa kuti apeze nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Akazi ankawasunga kuti apeze anthu.

Tiyerekeze kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu kafika pakhomo pa nyakwawa ina m'tsinde mwa phiri lino, katagulidwa ndi mikono ingapo ya nsalu. Sikavala goli. Akapatsa dzina lina, akauza kuti mayi wa pakhomopo kaziwati amayi. Kakudya nsima ya mumphika womwewo. Mlendo wodutsa sangadziwe kuti mwa ana amene akusewera pabwalo, uyu ndi wogula. Koma tambala akalira, woyamba kudzuka ndi iyeyo. Mtsuko wa kuchitsime ndi wake, munsi wolemera ndi wake, kukatola nkhuni kuphiri kumene kuli afisi ndi achifwamba amatuma iyeyo. Akakula, mwini wake amukwatira kapena amupereka kwa mphwake. Palibe kufunsira mbeta, palibe chinkhoswe, pakuti ankhoswe ake angachokere kuti? Mkazi mfulu akazunzidwa amaitana alongo ake, mkamwini n'kulongedza. Mdzakazi akamenyedwa amalirira kumtondo.

Ena mwa adzakaziwa anakhaladi bwino, tisabise. Anakondedwa, anabereka ana amene bambo awo ankawadalira kuposa aphwawo, anakalamba akulemekezedwa ngati agogo a pamudzi. Ena anagwera m'manja mwa mkazi wamkulu wansanje, moyo wawo n'kukhala wowawa kuposa wa galu. Zonsezi zinkachitika m'mudzi umodzi, nthawi zina m'nyumba imodzi.

Pamenepa ndi pamene anthu ena amanena kuti ukapolo wa kwathu kuno unali wofatsa, kuti kapolo anali ngati mwana wa pakhomo. Ine mawu amenewo ndimawakana, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Ubwino wonse umene kapolo ankauona unali wobwereka. Unkatha tsiku limene pakhomo pagwa vuto. Mwana wa mwini nyumba akapalamula mlandu wofuna kulipa munthu, ankapereka ndani? Njala ikavuta, chimanga chili kwa amalonda, ankasinthanitsa ndani? Amalonda akafika mfumu ili ndi ngongole ya wonga, ankaloza ndani? Mtsikana uja wakhala zaka khumi akunena kuti amayi, amayi, tsiku limodzi m'mawa ankangoona chingwe. Chibale ndi fupa, sichiwola, anatero akale. Chibale chogula chinkawola tsiku limodzi.

Panalinso china choopsa kuposa apa. Duff Macdonald, mmishonale amene anakhala ku Blantyre kuyambira 1878 mpaka 1881 n'kulemba buku lotchedwa Africana, anafotokoza kuti mwini kapolo anali ndi mphamvu pa moyo wa kapolo wake, ndipo munthu wamkulu akamwalira, akapolo ena ankaphedwa kuti amuperekeze kumanda. Ndiye taganizani, mfumu ikadwala, mudzi wonse uli ndi nkhawa, koma nkhawa ya kapolo inali yamtundu wina. N'zosadabwitsa kuti mishoni ya Blantyre itangokhazikika, akapolo othawa anayamba kukhamukirako, mpaka amishoni anadana ndi mafumu oyandikana nawo pa nkhani yomweyi. Munthu amene akukhala ngati mwana wa pakhomo sathawa usiku kukagogoda kwa mlendo wosamudziwa.

Ana a mdzakazi nawo anali pakatikati. Sankagulitsidwa wambawamba ngati wogwidwa dzulo, koma poti dzina ndi ufumu zimayenda kuchikazi, iwo njira yolowera ufumu inali yotseka. J. Clyde Mitchell, amene anafufuza midzi ya Ayao m'zaka za m'ma 1940 n'kutulutsa buku lake mu 1956, anapeza kuti patatha zaka makumi asanu ukapolo utathetsedwa, anthu ankadziwabe kuti nyumba iyi ndi ya mbumba yeniyeni, iyo ndi ya zidzukulu za adzakazi, ngakhale kuti pagulu sankazitchula. Ndipo pofuna kuti wina asanyozere mnzake madzulo ano, ndikukumbutseni kuti zolembedwa zakale zokhudza John Chilembwe zimanena kuti bambo ake anali Myao, mayi ake Mmang'anja wogwidwa pankhondo. Nkhope imene ili pa ndalama zathu ndi ya mwana wa nyumba yoteroyo.

(Nyimbo ya mangolongondo, mphindi imodzi)

Mukumvera pulogalamu ya mbiri ya kwathu, ndipo lero tili pampata wa Michesi. Ndinalonjeza chinthu chachiwiri cha pa Mbame. Mtsogoleri wa ulendo uja sanathe kuthawa, anagwidwa, ndipo Livingstone anamuzindikira. Anali kapolo wa mkulu wina wa Apwitikizi amene kale ankalamulira ku Tete. Mwamva bwino: woyendetsa akapolo, mfuti paphewa, nayenso anali kapolo.

Ku Zambezi anthu otere ankatchedwa Achikunda. Anali akapolo a eni minda ikuluikulu ya kumeneko, koma ntchito yawo sinali ya khasu. Ankasaka njovu, ankapalasa ngalawa, ankatolera msonkho kwa alimi wamba, ankamenya nkhondo. Anali ndi akuluakulu awo, mkulu wa gulu ankatchedwa mukazambo, ndipo kulima ankakuona ngati ntchito yonyozeka. Mlimi mfulu wa m'mudzi ankanjenjemera akaona kapolo wotere akubwera. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, umatero mwambi wina wowawa.

Livingstone analembanso za munthu wina wa ku Zambezi dzina lake Chibanti, amene anadzigulitsa yekha. Atafunsidwa chifukwa chake, anafotokoza kuti analibe bambo, analibe mayi, analibe aliyense womupatsa madzi akadwala. Anasankha mbuye wodziwika ndi kufatsa, Mpwitikizi wotchedwa Sicard, ndipo analandira mipukutu itatu ya nsalu, uliwonse wa mayadi 30. Ndi mipukutu iwiri anagula mwamuna, mkazi ndi mwana. Patapita zaka ziwiri anali ndi akapolo okwanira kupalasa ngalawa yaikulu yonyamula minyanga kupita ku Quelimane. Nkhani imeneyi ena amaikonda chifukwa imaoneka ngati ikupeputsa ukapolo. Ine ndikaimva maganizo anga amapita kwa atatu aja, mwamuna, mkazi ndi mwana, amene anagulidwa ndi mipukutu iwiri. Maina awo palibe anawalemba. Kukwera kwa Chibanti kunali kopondera pamsana pawo. Ndiponso tamverani chimene chinamupititsa kukadzigulitsa: kusowa abale. Iye anaona kuti munthu wopanda womuyankhulira ali kale pangozi, bola kudzisankhira mwini.

Kwa Angoni zinali zinanso. Pamene Angoni a Chikuse anawoloka Shire mu 1884 n'kusakaza midzi ya kumapiri kuno, ogwidwa ambiri sanawagulitse, anapita nawo kwawo. Mnyamata wogwidwa ankakula n'kupatsidwa chishango, ndipo akaonetsa chamuna pankhondo ankatha kukwera n'kukhala ndi anthu akeake. Koma kwawo, chilankhulo chake ndi maliro a makolo ake, zonsezo zinkathera pomwepo.

Nanga amene anawoloka nyanja yamchere? Nawonso sanagwere m'dzenje limodzi. Ku Zanzibar ndi ku Pemba ambiri anathera m'minda ya karafuu, mitengo ya zonunkhiritsa zakudya, kumene ntchito yokolola inali yakalavulagaga ndipo imfa zinali zambiri, moti eni minda ankangogulabe ena chaka ndi chaka. Mwambo wa kumeneko unkapatsa kapolo wa kumunda masiku awiri pa sabata, Lachinayi ndi Lachisanu, oti alime kamunda kake. M'tauni munali akapolo amisiri ndi onyamula katundu padoko, amene ankagwira ganyu n'kumapereka gawo la malipiro kwa mbuye wawo. Munalinso akazi otchedwa masuria, adzakazi a kuchipinda. Suria akabereka mwana wa mbuye wake, mwanayo ankakhala mfulu ndi wolowa nawo chuma, ndipo mayiyo sankayenera kugulitsidwanso. Koma taonani mmene zinathera. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873. Lamulo lolola akapolo kupempha ufulu linabwera mu 1897, koma masuria linawasiya kunja, ndipo anadikira mpaka 1909. Amene ankaoneka ngati ali pabwino ndiwo anamasulidwa pomalizira.

Mmodzi mwa anthu a mtundu wa Chiyao amene anawoloka ali mwana ndi Sidi Mubarak Bombay. Anagulitsidwa ku Kilwa, anapita naye ku India, ndipo mbuye wake atamwalira anamasulidwa n'kubwerera ku Africa. Ndiye anatsogolera maulendo a Burton, Speke, Stanley ndi Cameron, azungu amene mabuku amati anatulukira nyanja ndi mitsinje. Ena, makamaka Amakua, abale awo a Alomwe, anawomboledwa m'zombo panyanja ndi asilikali a Britain n'kukatsitsidwa ku Durban kuyambira mu 1873. Kumeneko anawagwiritsa ntchito ya kontrakiti kwa zaka zingapo asanawasiye okha, ndipo zidzukulu zawo zilipo mpaka lero, zimadziwika kuti Amazanzibari.

Ngakhale kumasulidwa kumene sikunali kofanana. Anthu a pa Mbame aja, pamodzi ndi ena amene anawomboledwa masabata otsatira, anakakhala ndi Bishopu Mackenzie ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, pafupi pomwepa. Bishopuyo anamwalira mu Januwale 1862, kenaka kunabwera matenda a m'mimba, nkhondo ndi chilala chija, ndipo ambiri mwa omasulidwawo anafa. Mwa opulumuka munali mnyamata wina, Chuma, amene anatsatira Livingstone mpaka imfa yake mu 1873, ndipo pamodzi ndi mnzake Susi anatsogolera anthu onyamula mtembo wake mpaka kunyanja yamchere. Chuma anakafika ku England mu 1874. Munalinso kamtsikana kotchedwa Daoma, kamene Mackenzie anakanyamula paphewa poti sikankatha kuyenda. Anapita nako ku Cape Town, ndipo kumeneko kanakula n'kukhala mphunzitsi. Chingwe chimodzi, njira zosiyana chonchi.

Amishoni a ku Magomero anaphunziranso chinthu china chimene ife tiyenera kuchimva bwino. Anafika akuganiza kuti Ayao ndiwo ogulitsa, Amang'anja ndiwo ogulitsidwa, mpaka anamenya nawo nkhondo kumbali ya Amang'anja. Posakhalitsa anazindikira kuti Amang'anja ena ankagulitsanso anthu, ndiponso kuti Ayao ambiri anali othawa nkhondo ndi njala kwawo, ndipo nawonso ankagwidwa. Chuma amene uja anali Myao. Choncho wina asatseke wailesi n'kumati nkhaniyi ndi ya mtundu wakutiwakuti. Mfuti ndi nsalu zinkachokera kunyanja, kwa Aluya, Aswahili ndi Apwitikizi, ndipo kuseri kwawo kunali minda ya ku Brazil, ya pa zilumba za Afalansa ndi ya ku Zanzibar. Koma dzanja logwira mwana kudambo nthawi zambiri linali la munthu wodziwa njira za kudamboko.

(Ng'oma pang'ono)

Tibwerere kuphiri lathu. Linga la Fort Lister litamangidwa, nkhondo zinatsatira. Mu 1893 asilikali a boma analimbana ndi mafumu Nyezerera ndi Mkanda, ndipo mu 1895 anagonjetsa mfumu Matipwiri. Chaka chomwecho, mu Disembala, Mlozi, wochita malonda a akapolo, anapachikidwa ku Karonga. Maulendo a magoli anatha. Koma kodi mukuganiza kuti mdzakazi uja, amene tsopano ali ndi ana asanu pakhomo pa nyakwawa, ananyamuka? Akanapita kuti? Kwawo kunapsa kalekale, njira sakuidziwa, ana ake ndi a pamudzi pomwepo. Lamulo linadula goli, koma mtondo silinaukhudze. Ambiri anakhala pomwe analipo, ndipo ukapolo wawo unazilala pang'onopang'ono, mbadwo ndi mbadwo, mpaka unasanduka chinsinsi cha banja.

Pampata pomwe paja anthu anayamba kudutsa chobwerera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, Alomwe ambirimbiri analowa kuno kuthawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi. Anafika opanda malo, ndipo munthu wopanda malo salimba pakamwa. Ena anakhala pansi pa mafumu amene anawapeza, ambiri anakalowa m'minda ya azungu, kumene lendi yake inali thangata. Taonani mawu amenewonso: kuthangata kunali kuthandizana pa ntchito, koma pa esiteti anasanduka ntchito yokakamiza. Ku Magomero komwe kuja, kumene akapolo omasulidwa anakafikira mu 1861, ndi kumene thangata linafika poipa pa minda ya A. L. Bruce, ndipo ndi kumene anthu a Chilembwe anakapha kapitawo wamkulu wa mindayo, William Jervis Livingstone, mu Januwale 1915. Thangata silinali ukapolo wogula ndi kugulitsa, tisasokoneze. Koma agogo amene analilawa sankasowa mawu olifanizira.

Ndili mnyamata ndinakhalapo pa bwalo lina pamene ankakamba mlandu wa ufumu. Mudziwo sindiutchula. Mkangano utafika pothina, bambo wina wachikulire anaimirira n'kuloza mnzake, amvekere: "Inu musalankhule pano, agogo anu anabwera ndi mchere." Bwalo lonse linangoti zii. Ine sindinamve tanthauzo lake. Madzulo nditafunsa agogo anga aakazi, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwanawe, zimenezo safunsa." Patapita zaka ndi pamene ndinazindikira kuti bambo aja ankanena kuti gogo wa mnzawoyo anagulidwa ndi mchere. Mayi amene ankanenedwayo anamwalira kalekale, palibe pabwalopo amene anamuonapo, koma mtengo umene anamugulira unali kukumbukiridwabe. Dzina limene anabadwa nalo, mudzi umene anachokera, ayi.

Malawi anakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu mu 2015, ndipo ife a m'malire tikudziwa chifukwa chake. Amabwera ndi mawu okoma: mwanayu tikamusunga ngati wathu, azikadya bwino, ntchito yake ndi yopepuka. Mwina n'zoona, ena amakadyadi bwino. Funso loti mufunse, mayi, bambo, malume, ndi lomwe lija la makolo: akafuna kubwerera, adzabwerera? Zikamuvuta kumeneko, womuyankhulira ndani?

Mabwinja a Fort Lister akadalipo pampata paja, ndipo mu 2011 dziko lathu linawaika pa mndandanda wa malo a njira za akapolo amene linapereka ku UNESCO. Mukakwerako mudzaona zipupa zakugwa ndi manda a mzungu wina, Gilbert Stevenson, mbale wake wa mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson. Dzina lake likudziwika. La munthu ngakhale mmodzi mwa amene anadutsa pamenepo ali m'goli silinalembedwe pamwala uliwonse.

Aphunzitsi a sukulu za m'tsinde mwa phiri, pitani nawoni ana kumeneko, si patali. Ndipo inu amene muli ndi agogo pakhomo, usiku uno mukatha kudya afunseni mwaulemu kuti amayi awo a amayi awo anachokera kuti, anabwera bwanji, dzina lawo loyamba linali ndani. Akakana kuyankha musawaumirize. Akayankha, tengani kope mulembe.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Gonani bwino, tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyino.

(Ng'oma ikwere mpaka kumapeto)